Tisawerenge mapepala okha, tifunsenso mtengo wa botolo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani yomwe munatulutsa masabata apitawa yoyamikira katswiri wina wa sayansi, amene akuti walemba mapepala ambiri a kafukufuku ndipo anzake a m'maiko ena amamutchula kwambiri m'zolemba zawo. Bamboyo ndilibe naye chifukwa, ndipo ndikumufunira zabwino zonse. Chomwe chandisowetsa mtendere n'chakuti nkhani yonse, kuyambira pamutu mpaka pansi, inali yongowerenga: mapepala angati, amutchula kangati, ali pa nambala yanji pamndandanda. Panalibe ngakhale mzere umodzi wonena chomwe chinasintha chifukwa cha ntchito yakeyo. Ndinapinda nyuzipepala ndisakudziwa kuti munthu ameneyu anafufuza chiyani kwenikweni, ndiponso kuti anapindula nazo ndani.

Ine ndine mphunzitsi wopuma. Ndinaphunzitsa Physical Science kusekondale mpaka imvi zinamera ndili ndi choko m'manja. Sindine dokotala, sindine wofufuza. Koma pali mtundu wina wa katswiri wa khemisitiri amene ndinayamba kumulemekeza chifukwa cha zomwe zinachitika pakhomo pathu, ndipo ndikufuna owerenga anzanga amudziwe, chifukwa ameneyu mukamamuyeza ndi muyeso wa mapepala mudzamupeputsa.

Mu 2003 mlongo wanga wamng'ono anadwala mpaka kutha thupi. Mwamuna wake anali atatisiya chaka chapitacho. Tinamutenga kuti akhale kwathu, ndipo ndikukumbukira akazi anga akumusambitsa atamukhazika pampando chifukwa sankatha kuima. Nthawi imeneyo ma ARV anali atafika m'dziko muno koma anali ogula, pa K2,500 pamwezi, ndipo ankapezeka m'malo ochepa. Amene sanalandireko malipiro a uphunzitsi m'zaka zimenezo angaone ngati ndi ndalama yochepa. Kwa ife inali ndalama yoti ukaipereka, mwezi umenewo ndiwo ndi masamba a maungu mpaka pa 30. Ndinagulitsa mbuzi zitatu, kenako njinga. Tsiku lomwe ndinabwera ndi botolo loyamba ndinaliika patebulo, tonse n'kumaliyang'ana. Linali kabotolo koyera kapulasitiki, kopepuka ngati mulibe kanthu, pambali pake polembedwa kuti kapangidwa ku India. Masabata awiri oyamba ankamwa mapiritsi osiyana m'mawa ndi madzulo, chifukwa anamwino anatifotokozera kuti amodzi mwa mankhwala atatu a m'piritsilo, nevirapine, amafuna kuyamba pang'onopang'ono kuopa zidzolo. Patatha miyezi iwiri mlongo wanga anapempha nsima yachiwiri. Akazi anga anatuluka panja kukalira.

Mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV mwaulere ndi ndalama za Global Fund, ife n'kupuma. Koma ine funso linandikhalabe m'mutu. Zaka zochepa m'mbuyomo tinkamva kuti mankhwala omwewa ku America ndi ku Ulaya amadya madola 10,000 kapena kuposa pachaka kwa munthu mmodzi. Nanga zinatheka bwanji kuti afike m'manja mwa mphunzitsi wogulitsa mbuzi?

Gawo lina la yankho ambiri amalidziwa. Mu February 2001 a Yusuf Hamied, mkulu wa kampani ya Cipla ku India, analonjeza bungwe la madokotala othandiza anthu ovutika la Médecins Sans Frontières mankhwala atatuwa, stavudine, lamivudine ndi nevirapine, pa madola 350 pachaka, kutanthauza osakwana dola imodzi patsiku. Pambuyo pake anawaphatikiza m'piritsi limodzi lotchedwa Triomune, lomwe ambiri a ife tikulikumbuka bwino. Anthu akamafotokoza nkhaniyi amakonda kunena za kulimba mtima kwa a Hamied polimbana ndi makampani a mapatenti, zikalata zaumwini zoletsa ena kupanga mankhwala omwewo, ndipo n'zoona. Chomwe amaiwala n'chakuti a Hamied ndi katswiri wa khemisitiri, wa digiri ya udokotala yochokera ku Cambridge. Sakanatchula mtengo umenewo akanakhala kuti sakudziwa kuti kilogalamu imodzi ya mankhwalawo ingaphikidwe pa ndalama zingati. Chifundo chokha sichitsitsa mtengo. Pamafunika wina amene wakhala m'labu n'kupeza njira yophikira yosadya ndalama zambiri.

Ntchito imeneyi pa Chingerezi amaitcha process chemistry. Ndiyesere kuifotokoza momwe ndinkachitira ndi ana a Folomu 3. Kutulukira mankhwala atsopano ndi ntchito ina: munthu amapanga kaufa kochepa, mwina kodzadza supuni, kongokwanira kuyesera ngati kakupha kachilombo. Iye sasamala kuti wawononga zingati kuti apeze supuni imodziyo. Koma mankhwalawo akavomerezedwa, sipafunikanso supuni, pamafunika matani. Apa ndi pomwe amalowa katswiri wachiwiri. Iye satulukira mankhwala atsopano. Amatenga omwe alipo n'kufunsa kuti: kodi tingayambire pa zipangizo ziti zotchipa? Kodi pa masitepe onsewa, ndi ati amene tingawadumphe? Kodi n'chifukwa chiyani pa sitepe yachitatu theka la zinthu limatayika? Kodi madzi osungunulira awa, omwe ndi okwera mtengo komanso oopsa, sitingawagwiritsenso ntchito kachiwiri?

Aliyense amene anawotchapo njerwa akudziwa zomwe ndikunena. Njerwa ndi njerwa, inatulukiridwa kalekale. Koma anthu awiri akhoza kuumba njerwa zofanana kuchokera pa chulu chimodzi, wina n'kutha ngolo khumi za nkhuni, njerwa zambiri n'kutuluka zosapsa kapena zosweka. Mnzake, chifukwa akudziwa kupanga uvuni, kusiya mipata ya moto ndi kumata bwino, n'kutha ngolo zinayi zokha, njerwa n'kutuluka zolira ngati belu. Wachiwiriyu palibe amamuimbira nyimbo, koma ndi amene amachititsa kuti wosauka amange nyumba. Ndipo musaiwale kuti pa mankhwala ngati ma ARV opangidwa ndi makampani a ku India, gawo lalikulu la mtengo wa piritsi limachokera ku ufa weniweni wochizawo, osati ku botolo kapena ku zomatira piritsi. Ufa umenewu ukatchipa, botolo lonse limatchipa.

M'kalasi mwanga tinkapanga timiyala tabuluu ta copper sulphate. Ana ankasangalala akaona timiyalato tikumera m'mbale, koma ine ndinkawauza kuti akayeze pasikelo n'kuwerengera kuti pa zomwe amayenera kupeza, apeza zingati. Gulu lina linkapeza theka, lina lochepera apo. Ndiye tinkafufuza: zina zatsalira pa pepala losefera, zina zatayikira patebulo, zina zapita ndi madzi chifukwa anathamangira kutsanula. Mtsikana wina, amene sankalankhula kawirikawiri, anabwerera masana payekha kudzabwereza, n'kutsuka pepala losefera ndi timadzi tochepa kuti asataye kanthu. Sindinadziwe nthawi imeneyo kuti zomwe ankachita mwanayo ndi ntchito yomwe anthu ena amaigwira moyo wawo wonse. Ndikanadziwa ndikanamuuza, ndipo zimandiwawa kuti sindinamuuze.

Mmodzi mwa anthu oterowo ndi a Frank Gupton a ku Virginia, ku America. Nevirapine anatulukiridwa ndi asayansi a kampani ya Boehringer Ingelheim ndipo anavomerezedwa ku America mu 1996. Mu 1999 kafukufuku wa ku Uganda anaonetsa kuti mayi akamwa piritsi limodzi la nevirapine pa nthawi yobereka, khanda n'kulandiranso pang'ono, kupatsirana kachilombo kumatsika pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi njira ina yomwe ankayesera pamodzi. A Gupton si amene anatulukira mankhwalawa. Iwo anali mkulu woyang'anira njira zopangira mankhwala pakampaniyo, ndipo anali patsogolo pa ntchito yopeza momwe nevirapine angapangidwire mochuluka mufakitale. Atagwira ntchito m'mafakitale zaka pafupifupi 30, anapuma mu 2007. Koma m'malo mokhala pansi anakalowa ku Virginia Commonwealth University mumzinda wa Richmond kukaphunzitsa.

Chomwe chimandigwira mtima ndi ichi: anabwerera ku mankhwala omwe aja, omwe iwo eni anathandiza kukonza njira yake yopangira, n'kunena kuti njirayo ikhoza kukonzedwanso. Si ambiri amene amavomera kuti ntchito yawo yakale ili ndi potayikira. Mu 2014 bungwe la Bill & Melinda Gates Foundation linawapatsa ndalama zoti ayesere. Iwo ndi ophunzira awo, pamodzi ndi anzawo a m'mayunivesite ena, anang'amba njira yonse kuyambira pansi. Nevirapine amamangidwa polumikiza zidutswa ziwiri zikuluzikulu, ndipo iwo anayamba ndi kufunafuna njira yopangira zidutswazo kuchokera ku zipangizo wamba zotchipa, kenako anaphatikiza masitepe kuti zinthu zisamatulutsidwe, kuumitsidwa ndi kusungunulidwanso pa sitepe iliyonse, popeza paliponse pomwe wasamutsa chinthu kuchoka mumphika wina kupita mu wina pamatsalira kenakake.

Zotsatira zake anazisindikiza mu 2017 m'magazini ya akatswiri yotchedwa Green Chemistry. Manambala ake ndi awa, ndipo ndikupempha owerenga asawadumphe. Pa mankhwala onse omwe masamu amati angatuluke, iwo ankatulutsa 91 pa 100 alionse. Ntchito yonse anaifupikitsa kukhala ya magawo anayi okha. Ndipo pali muyeso wina womwe umawerengera kulemera kwa chilichonse chomwe walowetsa mumphika, zipangizo, madzi osungunulira, madzi otsukira, zonse, kuti utulutse kilogalamu imodzi ya mankhwala. Njira yakale inkafuna makilogalamu 46. Yatsopano inkafuna 11. Taganizirani: makilogalamu 35 pa kilogalamu iliyonse ya mankhwala, omwe kale ankagulidwa ndi ndalama, kunyamulidwa pagalimoto, kenako n'kulipiranso kuti atayidwe mosaononga mitsinje, tsopano sakufunikanso. Amenewo ndiye manambala omwe ine ndimafuna kuwaona m'nyuzipepala pansi pa chithunzi cha katswiri.

M'chaka chomwecho cha 2017 bungwe la Gates linapereka madola 25 miliyoni kuti akhazikitse Medicines for All Institute pa yunivesiteyo. Kuyambira pamenepo akhala akuchita zomwezi ndi mankhwala ena a HIV monga tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, komanso a TB monga bedaquiline. Ndipo njira zomwe apeza saziika m'kabati. Amazilemba mwatsatanetsatane, kutentha kwake, kuchuluka kwa chilichonse, pomwe zinawavuta, n'kuziika poyera kuti kampani iliyonse yopanga mankhwala itenge.

Ndikudziwa kuti anamwino ndi madokotala amene akuwerenga kalatayi akugwedeza mitu, ndipo ndisawabisire. Pamene pepala la nevirapine limatuluka mu 2017, akuluakulu ambiri kuno anali atachoka kale pa Triomune. Stavudine anali atazunza anthu mokwanira. Mlongo wanga ankadandaula kuti mapazi akuotcha ngati waponda pa makala, ndipo masaya ake analowa m'kati moti anthu a kumsika ankamudziwa ndi nkhope yokha, chinthu chomwe chinkamupweteka kuposa mapaziwo. Kuyambira 2011 dziko lathu linayamba kusamutsira anthu ku piritsi la tenofovir, lamivudine ndi efavirenz, poyambira ndi amayi oyembekezera ndi oyamwitsa pa ndondomeko ya Option B+ yomwe Malawi ndi amene anayamba kuigwiritsa ntchito maiko ena asanatsatire. Kenako mu 2019 tinasamukira ku dolutegravir. Choncho wina akhoza kunena kuti a Gupton anafika ndi khasu mvula itatha. Sindikukana kuti akanafika zaka khumi m'mbuyomo phindu likanakhala lalikulu. Koma makanda obadwa kwa amayi omwe ali ndi kachilombo akulandirabe nevirapine wamadzi m'masabata awo oyamba, timadontho ta m'kasirinji tomwe mayi amathira m'kamwa mwa mwana tsiku lililonse. Ndipo chachikulu chomwe chinatuluka mu ntchito ija si nevirapine yekha, koma umboni wakuti ngakhale mankhwala omwe aphikidwa zaka makumi awiri, omwe aliyense ankati mtengo wake wafika pansi penipeni, akhoza kufinyidwabe. Umboni umenewo ndi womwe unatsegula khomo la ntchito ya pa mankhwala omwe tikumwa lero.

Ndipo a Gupton sali okha. Piritsi lomwe mlongo wanga amamwa tsopano lili ndi tenofovir. Mu 2010 gulu la akatswiri a Clinton Health Access Initiative, motsogozedwa ndi a David Ripin, linasindikiza ntchito yake pa kaphikidwe ka tenofovir. Njira yomwe inalipo inkatulutsa pafupifupi 13 pa 100. Iwo atafufuza pomwe zinthu zinkatayikira anaifikitsa pa 24 pa 100. Munthu wosadziwa angaseke kuti 24 ndi kulephera mayeso. Koma tanthauzo lake n'lakuti ndi zipangizo zomwezo fakitale ikutulutsa mankhwala pafupifupi kawiri. Ndi pepala limodzi lokha, lopanda mawu okometsera, lomwe anthu wamba sadzaliwerenga. Tiliike pasikelo limodzi ndi mapepala zana omwe palibe fakitale, chipatala kapena munda womwe unawagwiritsapo ntchito, tione mbali yomwe itsike.

Mu 2017 panalengezedwa mgwirizano woti piritsi la tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir ligulidwe pa madola pafupifupi 75 pachaka kwa munthu mmodzi. Pofika 2023 Global Fund inalengeza mtengo wosakwana madola 45. Sindikunena kuti akatswiri a khemisitiri anachita zimenezi okha. Panali omenyera ufulu amene anaguba m'misewu ya ku South Africa, panali okambirana za mapatenti, panali mpikisano wa makampani, panali kugula mochuluka. Koma onsewo akanakankha bwanji mtengo kuti utsike kupitirira ndalama zomwe fakitale imawononga pophika? Pansi pa mtengo uliwonse pali mwala womwe sungaupyole, ndipo amene amautsitsa mwalawo ndi munthu wa m'labu.

Tsono ndibwerere ku nkhani yanu ija ya kuwerenga mapepala. Munthu ngati a Gupton zaka zake zambiri anathera mufakitale, komwe zomwe wapeza sizisindikizidwa mwachisawawa chifukwa ndi chinsinsi cha kampani; zina zimangolowa m'mapatenti, zina zimatsalira m'mabuku a m'fakitalemo. Mukanatenga mndandanda wa mapepala awo pa nthawi yomwe ankapuma n'kuuyerekeza ndi wa mnzawo amene anakhala kuyunivesite moyo wonse, mukanati wakuyunivesiteyo ndiye wamkulu. Chonsecho ntchito ya munthu wa mufakitaleyo inali ikumwedwa m'mawa ndi madzulo ndi anthu ambirimbiri. Ndiponso taganizirani amene amawerenga pepala la kaphikidwe ka mankhwala. Ndi katswiri wa pafakitale mumzinda wa Hyderabad ku India kapena ku China. Iye akaliwerenga salemba pepala lake kuti atchulemo dzina la mwini wake. Amapita ku mphika wake wachitsulo n'kusintha kaphikidwe. Palibe kompyuta yomwe imawerenga zimenezo, ndiye pamndandanda zimaoneka ngati palibe chachitika.

Sindikunyoza kulemba. Ndanena kale kuti chomwe chimapatsa mphamvu ntchito ya ku Richmond n'chakuti amailemba n'kuiika poyera. Akanaisunga m'mitu mwawo ikanafa nawo. Kafukufuku wina phindu lake limaoneka patapita zaka zambiri, ndipo sindingafune kuti wofufuza aliyense azifunsidwa lisiti chaka chilichonse. Chomwe ndikukana ndi kutenga chiwerengero cha mapepala ngati ndicho cholinga. Mwana wa mnzanga amaphunzitsa pa yunivesite ina, ndipo anandiuza mosabisa kuti kafukufuku mmodzi amamugawa zidutswa zitatu kuti atuluke mapepala atatu, chifukwa pokweza anthu pantchito amawerenga mitu. Ndinamufunsa ngati angalole kuthera zaka ziwiri akufufuza momwe angachepetsere zotayika pa kaphikidwe ka chinthu chomwe chilipo kale. Anati ntchito yotero ndi yabwino koma imamuchedwetsa, anzake amupitirira. Mnyamatayo si waulesi ndipo si wakuba. Wangoona komwe kuli msipu. Ife amene timaombera m'manja chiwerengero, kuphatikizapo nyuzipepala, ndi amene tikumulozera kumeneko.

Nkhaniyi yandivuta kwambiri kuyambira January 2025, pamene boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja. Mlongo wanga, amene tsopano ndi gogo wa zidzukulu ziwiri ndipo amagulitsa tomato ndi anyezi, anabwera kwathu madzulo ena atanyamula mabotolo ake m'kajumbo. Anawatsanulira pamphasa n'kuyamba kuwerenga mapiritsi limodzilimodzi, kuwaika m'timilu ta khumi, kuti adziwe kuti amufikitsa mwezi uti. Mankhwala ake sanadukize, tithokoze Mulungu. Koma anandifunsa kuti, "Achimwene, tsiku lomwe azunguwa adzatopa nafe, tidzagulanso ngati kale lija?" Ndinalibe yankho labwino. Ndinangomuuza kuti botolo lake lero ndi lotchipa kwambiri kuposa lomwe ndinagulitsira njinga, ndipo pali anthu amene akulimbana kuti litchipebe. M'dziko muno muli anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene ali ndi kachilomboka. Pa chiwerengero chotero, dola imodzi yokha ikachoka pa mtengo wa pachaka, ndalama zopulumuka n'zochuluka. Ndipo tsiku lomwe tidzalipira tokha kuchokera m'misonkho yathu, dola imodziyo tidzaimva m'thupi.

Mankhwala atsopano nawonso akudutsa njira yomweyi. Jakisoni wa lenacapavir, wobaya kawiri pachaka kuti munthu asatenge kachilombo, ku America mu 2025 mtengo wake unali woposa madola 28,000 pachaka. Mu September 2025 panalengezedwa kuti makampani a ku India adzamupanga pa madola pafupifupi 40 pachaka kuyambira 2027. Mankhwalawa ndi ovuta kwambiri kuphika, a masitepe ambiri, ndipo gulu la ku Richmond ndi limodzi mwa omwe akhala akufufuza njira zotchipa zopangira zidutswa zake. Jakisoniyo akadzafika pachipatala cha kwanu, padzakhala nduna, padzakhala zolankhula ndi magule. Amene anachotsa masitepe pa kaphikidwe kake sadzatchulidwa, monga sanatchulidwe pa Triomune.

Ndisanamizire kuti mawa tikhoza kumanga fakitale yophika ufa wa ma ARV ku Kanengo. Ndikudziwa za magetsi athu, za kusowa kwa ndalama zakunja, za kuchepa kwa msika wathu. Ngakhale maiko a mu Africa olemera kuposa ife amagulabe ufa wambiri wa mankhwala ku India ndi ku China, iwo n'kumangoumba mapiritsi. Koma ena ayamba kuyesa. Ku Nelson Mandela University ku South Africa, a Paul Watts ndi ophunzira awo akhala akufufuza kaphikidwe ka ma ARV m'timapaipi, momwe zipangizo zimayenda mosalekeza n'kumasanduka mankhwala m'njira, m'malo mwa miphika ikuluikulu yodula. A Joseph Fortunak a ku Howard University, amene anagwirapo ntchito pa efavirenz ali m'fakitale, akhala akuthandiza kuphunzitsa za kapangidwe ka mankhwala ku Moshi ku Tanzania. Ife tili ndi ana ophunzira khemisitiri ku Zomba ndi ku Mzuzu, ophunzira za mankhwala ku KUHeS, ophunzira uinjiniya ku MUBAS ndi ku MUST. Njira za ku Richmond zili pa intaneti mwaulere. Ndingakonde kumva kuti mphunzitsi wina wasindikiza imodzi mwa njirazo, waiika patsogolo pa ophunzira a chaka chomaliza, n'kuwauza kuti awerengere okha momwe 46 anasandukira 11. Ngakhale asadzaphike nevirapine m'moyo mwawo, mwana amene waphunzira kufunsa kuti "zatayikira pati?" adzatithandiza pa fakitale ya shuga, ya mafuta ophikira, ya sopo, ya feteleza, komanso pamene dziko likukambirana mitengo ndi ogulitsa mankhwala, popeza wodziwa mtengo wophikira sanamizidwa msanga.

Kwa inu akonzi pempho langa ndi laling'ono. Mtolankhani wanu akadzapitanso kukacheza ndi katswiri wa sayansi, alembe ndithu kuti walemba mapepala angati. Ndi thukuta lake, n'loyenera kutchulidwa. Koma asatseke kabuku kake asanafunse kuti: pa mapepala onsewa, ndi liti lomwe wina analitenga n'kusintha nalo kachitidwe kake? Anali ndani, ndipo chinatchipa, chinafulumira kapena chinasiya kupha anthu n'chiyani? Ndikukhulupirira kuti katswiri amene munamulemba uja ali nalo yankho, mwina labwino kwambiri, kungoti sanafunsidwe. Mubwerereni mukamufunse. Nyuzipepala ya tsiku limenelo ndidzagula ziwiri, ina ndikapatse mlongo wanga, chifukwa nayenso masiku ano amafunsa za anthu amene amapanga zomwe zili m'botolo lake.

Mphunzitsi wopuma,
Zomba